Zala za Ana pa Mbiya ya Ubatizo

Nkhani iyi ndinayamba kuimva kwa Zubairi, wogulitsa nsomba zouma, tsiku lina ku Entre Lagos pamene tonse tinali kudikira komboyo, sitima ya pamtunda, yomwe inachedwa. Iye anali ndi matumba a milamba oti apite nawo ku Cuamba. Ine ndinalibe katundu, poti ndine munthu wosakhazikika, ndipo chimene ndimatola m'maulendo anga ndi nkhani za anthu osawadziwa. Pafupi nafe kamwana kanali kukanda matope pamene panatayikira madzi. Mayi wake anakakoka nakamenya padzanja. Zubairi anapukusa mutu, nati amayi Violeta akanakhala moyo, mayi ameneyo akanapatsidwa mpando ndi kuuzidwa mawu awiri. Ndinafunsa kuti amayi Violeta ndani. Anandiyang'ana ngati ndafunsa kumene kuli nyanja ya Chiuta.

"Ine ndine Msilamu, madala," anatero, "m'kapela yanu sindinalowemo. Koma chala changa chili momwemo, ndipo palibe ubatizo umene chinaphonya."

Mawu amenewo sanandipatse mtendere. Patapita milungu ndinamulondola kumudzi kwawo, m'mbali mwa Chiuta, ndipo kumeneko ndinafunsa akuluakulu, makamaka mayi wina dzina lake Neide amene anasamala amayi Violeta pa ukalamba wawo. Zimene ndinamva ndazilemba pano kuti akhristu a parokia yathu adziwe munthu amene anali pakati pawo.

Amayi Violeta anabadwira kufupi ndi nyanja ya Amaramba nthawi ya atsamunda. Mayi awo anamwalira iwo akali aang'ono, ndipo anakaleredwa ndi azakhali awo kumudzi wa ku Chiuta kuja. Azakhaliwo anali woumba mbiya wa dzanja labwino ndi pakamwa paukali. Ku shikola, ndiye kuti kusukulu, a Violeta sanapiteko. Shikola yawo inali kumtapo, dzenje la kudambo kumene amayi a m'mudzimo ankakumba dothi loumbira. Mapemphero anawaphunzira ndi khutu, ataima kunja kwa kapela ndi mtsuko pamutu, mpaka katekisita anawaona pazenera akuyendetsa milomo nawaitanira mkati. Anabatizidwa ali namwali, ndipo kuyambira pamenepo Lamulungu silinawapeze kwina koma kukapela.

Kuumba mbiya kuli ndi malamulo, ndipo dera lililonse lili ndi ake. Ine ndamva ambiri osiyana. Kumudzi kumeneko lamulo lalikulu linali la ana. Mwana woyamwa, kapena woleka kumene kuyamwa, sankaloledwa kukhudza dothi loumbira. Amayi ankati kadzanja ka mwana wotere kali ndi mkaka, ndipo mkaka ndi moto sizionana. Mbiya yokhudzidwa ndi kamwana imaphulika pamoto, ndipo pophulika imaswa ndi zinzake zoyandikana nazo. Poti amayiwo ankaotcha mbiya zawo pamodzi, pa mulu umodzi wa nkhuni ndi makungwa, kulakwa kwa mmodzi kunali tsoka la onse. N'chifukwa chake woumba aliyense ankakhala ndi kamkwapulo pambali, ka nkhuku ndi ana omwe.

A Violeta anakwatiwa ndi a Vitorino, msodzi wofatsa, ndipo zaka zambiri zinapita opanda mwana. Anthu analankhula zimene anthu amalankhula. A Violeta ankangowonjezera mapemphero a kolona. Pamene mwana wamkazi anabadwa, anamutcha Talandira. Koma nkhondo inali itayamba kutseka misewu, apadiri sankafikanso kumidzi, ndipo ubatizo wa mwanayo unakhala wongodikira: mvula ikatha, msewu ukatseguka, chaka chamawa.

Tsiku lina a Violeta anaumba mtsuko wa madzi nauika pamthunzi. Atatembenuka kuti atole chitsononkho chosalazira, Talandira, amene anali atangophunzira kuthamanga, anafika nabaya mtsukowo pakhosi ndi zala zitatu, akuseka. Mayi anachita zimene anaphunzitsidwa: anamenya kadzanjako. Mwana analira mpaka tulo. Mtsuko wotere sukanalowanso pamoto wa anzawo, ndiye anauotcha paokha kuseri kwa nyumba, osavutika n'kufafaniza timaenje tija, poti ankadziwa kuti uphulika ndithu. Sunaphulike. Anati ndi mwayi chabe, nauika m'nyumba kuti azisungiramo madzi akumwa.

Chaka chisanathe mfuti zinalira kumudzi woyandikana nawo. Anawoloka Chiuta pa bwato la a Vitorino, mwana kumbuyo, kolona m'khosi, zina zonse anasiya. Kukampu ya othawa nkhondo ku Malawi kunagwa chikuku. Talandira anadwala masiku ochepa namwalira wansembe asanafike kumbali yawo, ndipo anaikidwa pamanda pamene ana anali ambiri kuposa mitanda. Pambuyo pake katekisita wina anawauza kuti pangozi mayi akhoza kubatiza yekha mwana wake ndi madzi wamba. Iwo sankadziwa. Katekisitayo ataona nkhope yawo anafulumira kunena za chifundo cha Mulungu chimene sichidikira madzi, ndipo iwo anavomera ndi mutu. Koma amene anali nawo kukampuko akuti kuyambira tsikulo, mayi aliyense wokhala ndi mwana wodwala ankaona a Violeta atafika ndi kapu ya madzi, kufunsa ngati mwanayo ndi wobatizidwa.

Mtendere utabwera anabwerera kwawo ndi anzawo ambiri. Pamene panali nyumba anapeza tchire ndi mulu wa dothi. Akulima pamenepo kuti amange ina, khasu linagunda mapale a mtsuko uja. Anawatola limodzilimodzi, ndipo pa phale lina, la pakhosi, panali timaenje titatu tooneka bwino ngati tabayidwa dzulo. Chithunzi cha mwanayo analibe, kansalu kake analibe, manda sakanawadziwanso. Chimene chinatsala cha Talandira padziko chinali chinthu chomwe anamumenyera. A Violeta anamanga phalelo pakansalu naliika m'dengu la zovala. Kamkwapulo sanakadulenso.

A Vitorino sanakhalitse. Chifuwa chimene anabwera nacho kukampu chinawatenga patangopita mvula ziwiri. Ana ena sanabadwe. A Violeta anatsala okha, ndipo chowadyetsa chinali mbiya basi.

Masiku amenewo m'mudzi munadzaza tiana tobadwa pa mtendere, ndipo amayi ake anali kuminda yogwetsa tchire kapena kudooko kuyanika nsomba. A Violeta anayala mphasa yakale pansi pa mtengo wa mango. Mwana woyamba kukhalapo anali wa neba wawo, a Rukiya, ndiye Zubairi wathu uja, ali ndi zaka ziwiri ndi mimba yotuluka. Anamupatsa dothi lofanana ndi nkhonya yake, nabwerera ku mbiya yawo. Sabata isanathe pamphasa panali ana anayi, kenaka malo anachepa.

Kachitidwe kawo aliyense wa kumeneko amakadziwa mpaka lero. Choyamba ankawavula ana malaya n'kuwapachika pamtengo, kuti amayi ake asabwere ndi milandu ya sopo. Chachiwiri ankapatsa aliyense chinangwa chootcha kapena mbatata, chifukwa anaphunzira msanga kuti kamwana ka njala kamayamba ndi kulawa dothi. Ankati, "Pakamwa pakhale pa ntchito, manja apeze mtendere." Dothi ankalisankha okha, kuchotsa timiyala ndi minga, n'kulikanda mpaka lifewe ngati phala lolimba. Pakati pa mphasa ankaika zitsononkho, zigoba za nkhono za kunyanja, masamba a chinangwa ndi tizidutswa ta ukonde wakutha, zoti ana azidinda n'kuona chimene chatsala. Mpeni ndi chilichonse chakuthwa sizinkafika pamenepo.

Chimene sankachita ndicho kuuza mwana chimene aumbe, kapena kumukonzera. Mwana akangomenya dothi ndi chikhatho tsiku lonse, ankati ameneyo akulonjerana nalo, musamufulumize. Akabwera ndi kanthu kosadziwika mutu ndi mchira, iwo ankasiya ntchito yawo, n'kulandira ndi manja awiri monga munthu amalandirira mphatso ya mkulu, n'kufunsa kuti ichi n'chiyani. Mwana akati ndi mbuzi, inali mbuzi. Akasintha maganizo n'kuti ndi bwato, mbuziyo inkayandama. Akhristu anzawo akawafunsa chifukwa chake akutaya nthawi ndi matope a ana, ankayankha kuti Mulungu nayenso anayamba ndi dothi, ndipo palibe amene anamumenya padzanja.

A Rukiya poyamba anali ndi nkhawa, poti amuna awo a Waziri anali munthu wosunga chipembedzo ndipo sankafuna mwana wawo aziumba zifaniziro za zamoyo. A Violeta sanatsutse. Anati abwere aone okha. A Rukiya atafika, Zubairi anawaonetsa chibuma chokhala ngati mbatata yopondedwa ndi ng'ombe, nati ndi ababa. A Rukiya anaseka mpaka kukhala pansi, nati ngati aja ndi bambo ake ndiye palibe tchimo, chifukwa sakufanana ndi cholengedwa chilichonse cha Mulungu.

Koma oumba anzawo sanaseke. Mkulu wa oumba anali a Josefina, mkhristu wa kapela yomweyo, mayi wolungama koma wosasuntha pa mwambo. Iwo anabwera okha, nakhala pakhonde, nanena mwaulemu kuti manja amene alandira zoumba za ana sangagwire mbiya zopita pamoto wa onse, ndipo dothi la kumtapo si la masewera. Anali ndi umboni: a Violeta ankaotcha tinthu ta ana paokha, ndipo tambiri tinkaphulika ndithu, mudzi wonse unkamva. A Violeta anapempha kuti awasiyire mphasa ya ana, ndipo mbiya zawo aziziumba padera ndi manja osamba. A Josefina anakana. Anati asankhe chimodzi, mphasa kapena mtapo.

Anasankha mphasa. Kuyambira tsikulo kumtapo sanaloledwe, ndipo pamoto wa onse panalibe malo awo. Dothi ankakalikumba kudambo lina lakutali, ulendo wonyamuka mbandakucha n'kubwera dzuwa lili pamutu, dengu lolemera pamutu, ndipo dothi lake linali la mchenga, losamvera dzanja. Nkhuni zootchera ankatola okha. Mbiya zinachepa, ogula anayamba kunong'onezana kuti za a Violeta n'zokhudzidwa ndi ana, ndipo panali miyezi imene ankagonera chinangwa chomwe chinatsala kwa anawo. Lamulungu ankakhala benchi limodzi ndi a Josefina, n'kupatsana moni wa mtendere ndi dzanja lonse. Neide akuti sanawamvepo akunena choipa cha mkuluyo. Ankati a Josefina akuteteza mbiya za amasiye anzawo, ndipo umenewo si mlandu.

Tsono kunabwera nkhani ya ubatizo. Mbiya yakale ya kukapela inasweka pa nkhondo, ndipo apadiri atabwera koyamba, a Osvaldo, amene anali animadori wotsogolera mapemphero, anabwereka basiya, ndiye kuti beseni, ya pulasitiki kwa akazi awo. Basiyayo inali yotsukira nsomba. Anaitsuka ndi phulusa ndi mandimu, koma pulasitiki siiwala. Apadiri atamaliza anati ana a kuno akabatizidwa amakhala akhristu ndi asodzi nthawi imodzi. Anthu anaseka, koma a Osvaldo manyazi anawagwira, ndipo analengeza kuti apadiri asanabwerenso mvula ikatha, pakhale mbiya yeniyeni, yaikulu, ya kukamwa kotambalala.

Aliyense ankayembekeza kuti a Josefina ndiwo aumbe. Koma a Violeta, amene sankalankhula pamsonkhano, anaimirira napempha kuti ntchitoyo ikhale yawo, ndipo ananena poyera kuti ana a pamphasa adzadinda zala zawo m'mphepete mwa mbiyayo, poti ndi ana omwewo ndi abale awo amene adzabatizidwiremo.  A Josefina anayankha ali chikhalire.

"Chabwino, mayi. Umbani. Ikaphulika, mphasa ya anawo muipinde, isadzayalidwenso. Ikatuluka yamoyo, mtapo ndi wanu monga kale."

A Violeta anavomera pamaso pa onse. Pano ndiyenera kunena chimene Neide anandiuza, kuti iwo sanavomere ngati munthu wodziwa kuti apambana. Mwambo uja anaumwa ali mwana, ndipo mbali ina ya mtima wawo inkaukhulupirirabe. Mtsuko wa Talandira unali umodzi, waung'ono, ndipo mwina unali mwayi. Iyi inali mbiya yaikulu kuposa zonse zimene anaumbapo, ya dothi lachilendo, yodzaza zala za mkaka. A Osvaldo, poopa kuti apadiri angapezenso basiya ya nsomba, anabwera kudzawanong'oneza kuti aumbe ziwiri, ina yosakhudzidwa ndi ana aibise, kuti yoyamba ikaphulika pasakhale manyazi. Iwo anati madzi a ubatizo sangakhale m'mbiya yabodza.

Oumba onse amadziwa kuti dothi la mbiya yaikulu limafuna kulimbitsidwa ndi mapale akale osinja. A Violeta anali ndi mapale ambiri kuseri kwa nyumba, ndipo anasinja okwanira. Koma akuti atamaliza analowa m'nyumba, natuluka ndi kansalu kaja, namasula phale la timaenje titatu. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka analiika pamwala nalisinja mpaka linakhala ufa, nalisakaniza ndi dothi. A Rukiya, amene ankadziwa za phalelo, anafika ntchito itatha ndipo anagwira pakamwa. A Violeta anangoti, "Wadikira mokwanira. Nayenso afike kumadzi."

Mbiya itaumbidwa ndi kulimba pang'ono, anaitana ana a mabanja achikhristu, mmodzimmodzi, n'kuwanyamula kuti adinde pamlomo pake. Ena anabaya chala chimodzi, ena chikhatho chonse, wina anafuna kulumako. Za Zubairi, a Violeta anali atapita kale kukafunsa a Waziri, ndipo a Waziri anakana mwaulemu, nati chotengera cha mapemphero a eni chisiyidwe kwa eni. Koma Zubairi sanaitanidwe ku zokambiranazo. Ataona anzake akunyamulidwa iye ayi, anadikira kuti agogo atembenuke, nakwera pa mtondo wogona, nabaya chala chachikulu mozama kuposa onse. A Violeta anapita kwa a Waziri tsiku lomwelo kukaulula, nati afafaniza dothi lisanaume. A Waziri anabwera kudzaona, nayang'ana dzenjelo, nati mwana wawo wagwira ntchito yooneka, ndipo kufafaniza ntchito ya munthu si bwino. Chalacho chinatsala.

Anaiumitsa pamthunzi milungu yambiri, akuifunditsa masamba a nthochi, osafulumira ngakhale a Osvaldo ankabwera kawirikawiri kudzafunsa. Tsiku lootcha, madzulo mphepo itagwa, mudzi wonse unasonkhana, Akhristu ndi Asilamu omwe, oumba ataima paokha manja kumbuyo. A Violeta anagwada napemphera pang'ono, nayamba kuyala nkhuni. A Josefina anayang'ana kwa kanthawi, kenaka anachoka. Anthu anati akwiya. Anabwera ndi mtolo wa makungwa awo ouma bwino, amene ankasungira mbiya zawo, nayamba kuwayala mbali imene nkhuni zinali zochepa. A Violeta atafuna kuthokoza, iwo anati, "Musandithokoze. Sindikuthandiza inu, ndikuthandiza mbiya. Ikaphulika iphulike chifukwa cha ana, osati chifukwa cha nkhuni zanu zaziwisizi."

Moto unayaka bwino. Utafika pachimake panamveka kuphulika, kamodzi, koonekeratu kuti ndi dothi. Amayi ena anagwira mitu. A Osvaldo anayang'ana akazi awo, ndipo akuti onse awiri anaganiza za basiya ija. A Violeta sanasunthe. Milomo yawo inkayenda, ndipo maso anali pa mphasa ya ana imene inali chiyalire pansi pa mango.

Moto utazilala, a Josefina ndiwo anatenga mtengo wautali napalasa phulusa. Mbiya inaima yonse, yofiira, ya mawanga akuda. Pambali pake panali zidutswa za kanthu kakang'ono kamene kanaphulika: kachibuma kamene mwana wina anakaponya mu nkhuni akuluakulu asakuona. Atafunsa kuti n'ka yani, kamtsikana kena kanatuluka kumbuyo kwa anthu kakulira kuti nkhuku yake yafa. Kanali Neide, mdzukulu wa a Josefina eni ake, amene mayi ake ankamusiya pamphasa mobisa popita kumunda, ndipo chala chake chinali pamlomo pa mbiyayo pamodzi ndi za anzake.

A Josefina anadikira kuti mbiya izizire, naigogoda ndi chala mbali zonse. Inalira bwino, mawu oyera opanda mng'alu. Anayang'ana mdzukulu wawo, nayang'ana a Violeta.

"Mawa tikupita kumtapo. Mubwere ndi dengu lalikulu, poti muli ndi pakamwa pambiri podyetsa dothi. Koma mbiya zanga asazikhudze."

Mpaka imfa yawo a Josefina sanalole kamwana kukhudza mbiya yawo, ndipo a Violeta sanawakakamize. Koma ankaotchera pamoto umodzi, ndipo tinthu ta ana tinapatsidwa kamoto kake pambali. A Violeta anaphunzira kutibowola ndi kaudzu ndi kutiumitsa nthawi yaitali, mwakuti tambiri tinayamba kutuluka tamoyo, ndipo mwana aliyense ankapita kwawo ndi chake m'manja.

Zaka zinapita. Mabasiya ndi zigubu za pulasitiki zinadzaza misika ya ku Entre Lagos, ogula mbiya anachepa, oumba ambiri anasiya. A Violeta sanasiye. Ena anawalangiza kuti mphasa yawo aitche esikolinya, shikola ya tiana, makolo azilipira monga amachitira kutauni. Anakana, nati dothi analipeza laulere. Amene anali ndi mtima ankasiya nsomba kapena chinangwa pakhonde, ndipo zimenezo zinkathera m'kamwa mwa ana omwewo. Ana a pamphasa anakula, ena asodzi, ena aphunzitsi, wina namwino ku Cuamba, ndipo anayamba kubweretsa ana awo. Pa ubatizo uliwonse makolo ankafufuza chala chawo pamlomo pa mbiya n'kuonetsa mwana, ndipo pankakhala mikangano ya anthu akuluakulu a ndevu, aliyense kunena kuti dzenje lokongola ndi lake.

Ukalamba utafika, nyamakazi inapinda zala zawo ndipo maso anachita khungu. Kuumba kunatha, koma pamphasa sanachokepo. Neide, amene tsopano anali mayi wa ana ake, ndiye ankakanda dothi ndi kuotcha chinangwa. Ana ankaika zoumba zawo m'manja mwa agogo, iwo n'kuzipapasa, n'kufunsa funso lomwe lija. Kukapela ankapita atagwira phewa la Neide, ndipo polowa ankayamba apapasa mlomo wa mbiya ija asanakhale pansi.

Anadwala pang'ono chabe, nyengo yokolola. Apadiri anabwera nawadzoza mafuta a odwala ndi kuwapatsa Ukaristia. M'mawa wa tsiku lomaliza anapempha kuti awatulutse panja, awagoneke pamthunzi pafupi ndi ana. Neide anafuna kubweza anawo kuti pakhale bata, koma iwo anakana, nati phokoso limenelo ndi limene analisankha. Kamnyamata kena kanaika kachibuma m'dzanja lawo. Anafunsa ndi mawu otsika kuti n'chiyani, kamwanako n'kuti ndi nyumba. Anati ndi yabwino, alowamo. Neide atabwera ndi phala anapeza atapita, nkhope ili yofatsa, dothi likali lofewa m'dzanja.

Pa maliro awo panabwera anthu ochokera ku Amaramba, ku Cuamba, ngakhale kutsidya ku Malawi, Asilamu ataima mbali yawo mwaulemu. Nkhata za maluwa zinali zochepa. Anthu anabwera ndi tinthu tawo ta ubwana timene amayi awo anasunga padenga ndi m'madengu, timbuzi topanda miyendo, timabwato tokhota, n'kutiyala pamanda mpaka dothi silinaoneke. Zubairi anaika ababa ake aja. Lero m'mudzimo makomo ambiri ali ndi mphasa ya dothi pansi pa mtengo, ndipo mayi akakweza dzanja pa mwana wokanda matope, anzake amangotchula dzina la a Violeta, dzanjalo n'kutsika.

Mbiyayo ndinaiona ndi maso anga. Ili pa chitsa cha mtengo kumanja kwa guwa, ndipo dzenje la Zubairi ndi lozamadi kuposa onse. Koma pali chinthu china chimene anthu a kumeneko amaonetsa mlendo aliyense. Mkati mwa mlomo, pamene madzi amafika mbiya ikadzaza, pali timaenje titatu toyandikana, tating'ono, timene palibe munthu anatitcha take. Amati pamene mbiya inkalowa pamoto panalibe kanthu pamenepo, ndipo tinaoneka phulusa litapalasidwa. Amati ndi Talandira. Zubairi amalumbira kuti ndi zoona, koma iye anali ndi zaka zitatu, ndipo Neide anali kulira nkhuku yake.

Za moyo wa amayi Violeta, za mtapo, za mphasa ndi za phale losinjidwa, ndilibe chifukwa chokayikira, poti anthu osiyana anandiuza zofanana. Koma za timaenje titatu ndikukayika, ndipo sindibisa. Ndinatipapasa nthawi yaitali. Sindikhulupirira kuti tinatuluka m'moto. Ine ndikuganiza kuti anatidinda okha amayi Violeta ndi nsonga ya kachala kawo kakang'ono, tsiku lija, ana onse atapita kwawo.